LOLE IKAFERA PA NJIRA

Ife a mbali ino ya Kawale sitifunanso tambala wotidzutsa. Nthawi ikamayandikira 3 koloko m'bandakucha, kuseri kwa mpanda wanga kumamveka anthu akulankhula monong'ona, zingwe zikukokedwa, kenaka injini ikutsokomola kawiri kapena katatu isanalire bwino. Imeneyo ndi lole ya mnansi wanga. Ikangolira ndimatembenuka ndi kugonanso, podziwa kuti lero mabanja asanu ndi atatu adya. Koma ikatsokomola kachinayi ndi kachisanu n'kukhala chete, tulo timandithawa ngati kuti lole ija ndi yanga.

Mnansi wangayu ndi mkazi wake ali m'gulu la anthu amene alibe sitolo ngakhale imodzi, koma ali ndi misika isanu pa mlungu. Lero ali ku Mitundu, mawa ku Nsundwe, mkuja ku Chimwaza kapena ku Nathenje, pakuti msika uliwonse wa kumidzi uli ndi tsiku lake. Ena amautcha msika wotere kabwandire. Mabanja otere alipo ambiri kuno, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi ku Mgona. Madzulo amapakira mabelo a kaunjika, zitenje, mapoto, ndowa ndi nsapato, pamodzi ndi nsungwi ndi malona omangira timisasa. Dzuwa likamatuluka, pa bwalo pamene dzulo padali mbuzi zokha pamakhala patamera mudzi wathunthu: uyu akuitanira malonda, uyo wayatsa chiwaya, mnyamata wina wapachika zokuzira mawu pa mtengo, ana a sukulu akuzemba aphunzitsi kuti akaoneko. Dzuwa likapendeka mudzi uja umaphwasulidwa, nukwera pa lole, nubwerera ku tauni. Ntchito yonseyi yatsamira pa matayala asanu ndi limodzi.

Chaka china m'mwezi wa Julaye ndidapempha malo pa lole imeneyi, popeza ndinkafuna kukaona mlongo wanga amene ankadwala cha ku Kamphata. Adandilemekeza ndi kundikhazika kutsogolo, pakati pa mwini lole ndi mkazi wake. Ena onse adali pamwamba pa katundu, atafunda zitenje chifukwa cha chisanu. Titangopitirira Nathenje pang'ono ndidamva kafungo ngati ka mphira wopserera. Mwini lole adakamvanso, koma adangoti, "Tifika, abambo, imatero imeneyi." Sitidafike. Posakhalitsa nthunzi idayamba kutuluka pansi pa mpando, pakuti malole amenewa injini yake ili pansi pa okhala kutsogolo, ndipo tidaima m'mbali mwa msewu kukadali mdima. Lamba wozunguza fani ndi pampu ya madzi adali ataduka, madzi a mu injini n'kuwira.

Lamba wapadera padalibe. Sipanala yoyenera padalibenso. Mnyamata adakwera minibasi yoyamba kubwerera ku Biwi, adadikira kuti ogulitsa atsegule, adabwera ndi lamba wosalingana, adapitanso. Pamene injini inkaliranso n'kuti dzuwa lili pa mutu. M'maola onsewo ndidaona anthu asanu ndi atatu atakhala pa mabelo awo osalankhulana, aliyense akuwerengera mu mtima. Mayi wina adali ndi ngongole ya ku banki m'khonde yobweza Loweruka. Wina adanyamula dengu la mandasi amene adakazinga usiku wonse. Malo awo pa msika, pamene ogula adazolowera kuwapeza, adali atatengedwa ndi ena. Mkazi wa mwini lole yekha ndiye adalankhula, motsitsa mawu kuti ine ndisamve, koma ndidamva: "Bambo, lamba ameneyu adayamba kulira mlungu watha. Ndidakuuzani." Mwamunayo sadayankhe. Mtengo wa lamba uja sudafike ngakhale pa mtengo wa zitenje ziwiri.

Ndili chikhalire m'mbali mwa msewu muja ndidakumbukira amalume anga, amene adakhala zaka zambiri ku Harare pamene mzindawo unkatchedwa Salisbury. Atabwerera kumudzi ankakonda kutisimbira za chionetsero cha zaulimi cha kumeneko. Chimene chidawagwira mtima sizidali ng'ombe zonenepa ayi, koma akatungwe a Luna Park, ena okweza anthu m'mwamba, ena ozungulira, onse atakutidwa ndi nyali zamitundumitundu. Chidawadabwitsa koposa n'chakuti chionetsero chikatha, zonsezo zinkamasulidwa, n'kupakiridwa pa malole, n'kupita ku tauni ina. Ife ana tinkayesa akuwonjezera. Nditakula ndidapeza kuti ntchito imeneyi ndi yakale ndithu, ndi kuti ku Britain kuli mabanja amene akhala akuigwira kuchokera kwa makolo a makolo awo. Moyo wawo ndi wofanana ndi wa mnansi wanga kuposa mmene iye angaganizire: amafika pa bwalo lopanda kanthu, amamanga, amalandira ndalama masiku ochepa, amaphwasula, amapita.

Anthu amenewa ali ndi bungwe lawo, Showmen's Guild, limene chiyambi chake ndi chaka cha 1889, pamene adagwirizana kukana lamulo limene munthu wina wotchedwa George Smith ankalimbikira kuti likhazikitsidwe lolamulira anthu okhala m'ngolo. Chaka chawo chimatsegulidwa pa 14 Febuluwale ku King's Lynn. Mu Juni amakumana ku Newcastle. Kumayambiriro a Okutobala ali ku Nottingham, ku chionetsero chotchedwa Goose Fair, ndipo akangochoka kumeneko amathamangira ku Hull, kumene kuli chimodzi mwa zionetsero zoyendayenda zazikulu koposa mu Ulaya monse. Za ku Nottingham ndi ku Hull zakhalapo zaka zoposa 700. Banja lililonse lili ndi malo ake pa bwalo, ndipo malamulo a bungwe lawo amateteza malo a munthu amene waimapo zaka ziwiri zotsatizana. Tsono taganizani: tsiku lotsegulira lidaikidwa kale ndipo silisuntha, khamu la anthu likubwera, anzako amanga kale mbali iyi ndi iyo, koma katungwe wako ali pa lole imene yafera pa njira. Ndalama za mlungu umene ukadadyetsa banja m'nyengo yozizira zapita. Mantha awo ndi omwewo amene ndidawaona pa Nathenje. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo adawasandutsa mantha aja kukhala mwambo wa banja.

Poyamba ankakoka ngolo zawo ndi akavalo. Kenaka kudabwera injini za nthunzi, zonga zimene kampani ya Burrell inkapanga ku Thetford. Chinjini chimodzi chinkakoka ngolo zingapo pa msewu, ndipo chikafika pa bwalo chinkazunguza makina a magetsi oyatsira nyali ndi kuyendetsera akatungwe. Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945 adagula malole otsala a asilikali, ndipo kampani ya Scammell idawapangira malole 18 a iwo okha, otchedwa Showtrac. Koma kwa zaka zambiri lole ya munthu wa chionetsero idali Foden, ERF kapena Atkinson, yogulidwa kwa a mtengatenga amene adatopa nayo, ndipo kawirikawiri yokhala ndi injini ya Gardner yopangidwa ku Patricroft, kufupi ndi Manchester. Injini imeneyi sidali yaliwiro. Idali yozungulira mofatsa, yosamwa mafuta ambiri, yosavuta kumasula, ndiponso yosafa msanga. Akuluakulu amene adagwirako ntchito za mtengatenga adzaikumbukira ERF, pakuti idayendanso m'misewu ya kuno kwathu. Malole otere adagwira ntchito pa zionetsero zaka zambirimbiri eni ake oyamba atawataya kale.

Kodi chinsinsi chake chidali chiyani? Ena adzati ndi chitsulo cha Angerezi. Ine ndikukana, pakuti chitsulo chomwecho chidafera m'manja mwa anthu ena. Mwini lole ndiye adali woyendetsa, ndiyenso makaniko. Mwana ankakula akupatsira atate ake masipanala, kotero kuti pofika msinkhu wokwatira ankadziwa kulira kwa injini ya kwawo monga mayi adziwira kulira kwa khanda lake pakati pa makanda khumi. Koma chachikulu ndi ichi: mu Novembala zionetsero zikatha, mabanja aja amalowa m'malo awo okhalamo nyengo yozizira, ndipo miyezi imeneyo ndi ya lole ndi akatungwe. Amamasula, amatsuka, amasintha chimene chatha ngakhale chisanathyoke, amapaka penti, amalembanso dzina la banja pa chitseko. Lole imapuma pa tsiku limene mwini wake wasankha. Yathu kuno imapuma pa tsiku limene yasankha yokha, ndipo sisankha bwino: imasankha tsiku la msika waukulu, mwezi umene alimi agulitsa fodya ndi soya, pa chitunda, kutali ndi madzi.

Ndisakokomeze. Lole ya ku chionetsero imayenda tsiku limodzi n'kuima mlungu wathunthu, ndipo imayenda pa tala wosalala. Ya mnansi wanga imayenda masiku asanu pa mlungu, theka la ulendo pa fumbi ndi m'maenje, m'dzinja pa matope. Ndiponso a zionetsero aja sadakakamire zakale. Foden idaleka kupangidwa mu 2006, ERF mu 2007, ndipo masiku ano ambiri akuyendera Volvo, Scania ndi DAF. Koma zimenezi sizigwetsa mfundo yanga. Ngati lole yoyenda pang'ono ipatsidwa miyezi itatu, nanga yoyenda tsiku ndi tsiku tingaimane bwanji tsiku limodzi pa mwezi?

Tiyeni tsono tione malole athu. Ife amvula zakale tidakulira pa Bedford, ija ya mphuno yaitali, imene inkatuta chimanga cha ADMARC ndi kunyamula mudzi wonse kupita ku maliro. Idatha, yotsalako mungaipeze ikututa mchenga kapena njerwa. M'malo mwake mudalowa Toyota Dyna, Mitsubishi Canter, Isuzu Elf ndi anzake, ogulidwa atagwirapo kale ntchito ku Japan, ambiri otsitsidwa pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pa Songwe. Ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga ife, n'chifukwa chake chiwongolero chake chimatiyenera. Ndipo kuyezetsa galimoto kumeneko n'kodula, kotero eni ake amaitaya ikadali ndi moyo. Ndi malole abwino, sindiwanyoza. Koma adapangidwira misewu yosalala, dizilo woyera, ndi katundu wa muyeso umene udalembedwa kumbuyo kwake. Zilembo zake sitiziwerenga, koma manambala timawaona bwino lomwe: 2000 kg, 3000 kg. Timangowayang'ana ngati maluwa.

Pogula, maso athu amathamangira penti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malole a zaka zaposachedwa ali ndi injini zolamulidwa ndi kompyuta, zopopa dizilo mwa mphamvu yaikulu kupyola m'timabowo tochepetsetsa. Zimakoka bwino ndipo sizifuka utsi, koma kadontho ka madzi kapena kafumbi mu dizilo kamazivulaza, ndipo zikadwala zimafuna makina oziyezera amene pa Nsundwe simungawapeze. Akale aja a pampu wamba amatha kukonzedwa pansi pa mtengo wa mango. Munthu wofuna kugula lole ya kabwandire ayambe wayenda wapansi mu Biwi Triangle ndi mu Malangalanga, afunse kuti ndi injini iti imene zipangizo zake zili m'sitolo iliyonse, ndi iti imene ayenera kuitanitsa ku Dubai kapena ku Johannesburg n'kudikira milungu itatu. Safunsa adadya phula. Lole yosawonongeka kulibe pansi pano. Yodalirika ndi imene ikawonongeka Lachiwiri imakhala ili pa msewu Lachinayi.

Zimene zimapha malole athu si zachilendo. Lole ya matani atatu timaisenzetsa asanu, kenaka anthu khumi ndi awiri pamwamba. Masipuling'i amawongoka n'kuyamba kuthyoka limodzilimodzi, mabering'i amatentha, matayala amafufuma m'mbali. Mwini lole amaona ndalama za anthu owonjezera aja madzulo omwewo. Za sipuling'i adzaziona mwezi wa mawa, ndipo sadzazindikira kuti ndi nkhani imodzi. Timathiranso madzi a m'dambo mu ladiyeta, matope ndi dzimbiri n'kutseka timipope take, mpaka tsiku lina injini iwira ndi kupsereza gasiketi. Ndiye pali dizilo wa m'zigubu. M'zaka za kusowa kwa mafuta, monga 2011 ndi 2012, ndiponso kuyambira 2022 mpaka 2024, ambiri adagula dizilo wa m'mbali mwa msewu, wina wosakaniza ndi palafini, wina wolowa madzi. Sindikuwaweruza, pakuti msika sudikira munthu amene ali pa mzere wa mafuta. Koma amene wathira dizilo wotero asinthe sefa yake msanga, osadikira kuti injini iyambe kutsamwa pa chitunda.

Pa nkhani ya mabuleki ndiye ndilankhule mosaseka. Lole yofera pa njira imataya tsiku, koma yokana kuima imataya anthu. Pali chizolowezi choipa mwa oyendetsa ena chotsika mtsetse atachotsa giya, ati kupulumutsa mafuta. Potero lole yonse ndi katundu wake imatsamira pa mabuleki okha. Mabuleki amaimitsa galimoto mwa kukhula chitsulo chimene chimazungulira pamodzi ndi gudumu. Kukhulako kumabala kutentha, ndipo akatentha kopitirira muyeso amaleka kugwira ngakhale muponde ndi miyendo iwiri. Mafuta a mabuleki nawonso akakhalitsa amamwa chinyontho, kenaka amawira m'mipope, chopondera n'kungolowa pansi osagwira kanthu. Mtsetse umatsikidwa ndi giya yomweyo imene mukadakwerera, kuti injini ndiyo igwire lole. Misika yathu yambiri ili m'mphepete mwenimweni mwa msewu wa M1, monga Nathenje, Chimbiya ndi Lizulu, ndipo sitidaiwale za m'chaka cha 2019, pamene lole idalowa mu msika wa Kampepuza ku Ntcheu ndi kupha anthu oposa khumi. Amene adafa tsiku lija adali anthu onga omwewa amene amakwera pa mabelo a mnansi wanga.

Tayala nalonso lili ndi msinkhu, ndipo pa matayala ambiri udalembedwa m'mbali mwake: manambala anayi, awiri oyamba ndi mlungu, awiri otsiriza ndi chaka. Lolembedwa 2315 lidapangidwa mlungu wa 23 m'chaka cha 2015, ndipo ngakhale mano ake aoneke akuya, mphira wake wauma. Matayala a kaunjika amene timathamangira chifukwa chotsika mtengo ambiri ndi otere. Boma lili ndi chiphaso chake cha COF, chimene chimaperekedwa galimoto ikayezedwa. Chiphasocho n'chofunika ndipo aliyense akhale nacho, koma chimanena za tsiku limene lole idayezedwa. Pepala lomata pa galasi silimva kulira kwa lamba.

Palinso malole ena amene eni ake sadakwerepo chigulire. Bwana ali ku ofesi, lole adapatsa woyendetsa waganyu, namuuza kuti madzulo aliwonse azibwera ndi ndalama zakutizakuti. Woyendetsayo akanena kuti kilatchi yayamba kuterera, bwana amaganiza kuti akufuna kumubera. Akaima tsiku limodzi kuti akonze, tsikulo salipidwa. Tsono achite chiyani? Amamanga ndi waya, nakhala chete, nayembekeza kuti chikadzathyoka chidzathyokere m'manja mwa wina. Ine sindimuda woyendetsa wotere monga ndimadera dongosolo limene limalipira munthu chifukwa chobisa matenda. Amene adagula lole ngati munda wolimidwa ndi ena, azipezako Loweruka limodzi logwada pansi pake pamodzi ndi woyendetsa wake, ngakhale malaya ade.

Ndifike tsopano pa mtima pa nkhani, pamene pali ndalama. Mabanja ambiri a lole amawerenga motere: tapeza zakuti, tachotsa za dizilo, tachotsa za mnyamata, tachotsa za chakudya cha pa njira, zotsalazi ndi phindu. Si phindu ayi. M'katimo muli ndalama za lole. Tsiku lililonse limene yayenda yadyako tayala pang'ono, kilatchi pang'ono, batire pang'ono, ndipo ngongole imeneyo idzaitanidwa tsiku limodzi yonse pamodzi. Banja likadya ndalama zimenezo likudya lole yake, monga mlimi wokazinga mbewu yodzala. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo idalumpha, pakuti zimachokera kunja. Amene adali ndi tayala ndi sefa zosungira adapumako. Amene adalibe kalikonse adagwira mutu. Tayendani mu Kawale ndi mu Chinsapo muwerenge malole okhala pa njerwa, udzu utamera pansi pake, nkhuku zikuikira m'kati. Ambiri a iwo sadachite ngozi. Adangosowa chinthu chimodzi pa tsiku limene m'nyumba mudalibe ndalama. Mwini wake adagulitsa batire kuti ana adye, kenaka tayala limodzi, kenaka sitata, ali chinenere kuti mwezi wa mawa idzuka.

Kwa mnansi wanga, chichitikire za pa Nathenje zija, zinthu zidasintha, ndipo wosintha adali mayi wa m'nyumbamo. Adagula kope la sukulu. Madzulo aliwonse, lole isanadyetse munthu aliyense, imayamba yadya yokha: gawo lake limapatulidwa, nililembedwa, ndipo likakwanira limasanduka chinthu chogwirika, kaya tayala, kaya oyilo, kaya lamba, m'malo mogona pansi pa mphasa kudikira kuti Kwacha igwenso. Padali mkangano, sindibisa. Achimwene ake a mwamunayo adayenda akunena kuti alamu awo alanda chiwongolero. Mayeso enieni adabwera pamene kudagwa maliro kumudzi kwa mwamuna, ndipo funso lidali lakuti kodi ndalama za matayala zingagule bokosi? Zidagula, pakuti ndife anthu. Koma zidalembedwa m'kope muja ngati ngongole ya banja kwa lole, ndipo zidabwezedwa m'miyezi iwiri. Ena adaseka atamva kuti munthu akubweza ngongole kwa galimoto yake yomwe. Ine sindidaseke.

Lolemba loyamba la mwezi lole ija siyenda, ngakhale kubwere munthu wofuna kusamuka ndi ndalama m'manja. Tsiku limenelo amaona oyilo, amathira girisi, amayesa mabuleki gudumu ndi gudumu, amalimbitsa mabawuti a matayala ndi a masipuling'i, amasisita malamba ndi mipope ya madzi kufuna ming'alu. Mnyamata wawo wa Fomu 1 akaweruka amalowa pansi pa lole, ndipo mlongo wake wamng'ono ndiye amasunga masipanala. Amadziwa kale kusiyanitsa ya 17 ndi ya 19. Kuseri kwa mpando kuli kabokosi: lamba wapadera, sefa, kachidutswa ka mpope, waya, tochi, ndi chigubu cha madzi a pa mpopi. Poyamba amalonda ena adanyinyirika chifukwa cha Lolemba lotayika lija ndi chifukwa chakuti mwini lole adayamba kukana mabelo owonjezera. Atatu adasamukira ku lole ina yotsikirako mtengo. Awiri adabwerera lisanathe dzinja.

Inu amene mulibe lole musayese kuti nkhaniyi yakulambalalani. Ndi malole omwewa amene timabwereka pa maliro, pa ukwati, pamene kwaya kapena amayi a Chigwirizano akupita ku msonkhano. Kawirikawiri wotumidwa kukafuna galimoto amafunsa funso limodzi lokha, la mtengo, ndipo amabwera akunyadira kuti watsitsa. Ayenera kufunsanso kuti mabuleki adaonedwa liti, azungulire lole aone matayala ndi maso ake, aone ngati lapadera lilipo ndipo lili ndi mpweya, awerenge anthu okwera asanakwere. Mwini lole wosamala sakwiya ndi mafunso otere. Wokwiya wakuyankhani kale. Ndipo amene akutsitsa mtengo kupyola anzake onse, dzifunseni kuti ndalama zimene wachotsazo wazichotsa pati, pakuti dizilo amagula pa mtengo womwewo ndi anzake.

Mlungu watha ndidampeza mnansi wanga atakhala pa chitsa, mkazi wake ali pambali ndi kope lija. Giyabokosi yayamba kulira ikakhala pa giya yachitatu. Amakaniko a ku Biwi akuti itha kupirira miyezi iwiri kapena itatu ngati asaisenzetse kwambiri. Mwamunayo akufuna agulitse lole ikadali kuyenda, awonjezere ngongole, agule ina yooneka bwino imene waiona ku Area 25. Mayiyo akuti iyi amaidziwa matenda ake onse, pamene inayo adzayamba kuiphunzira ndi ndalama za eni ngongole; ndipo kope likuonetsa kuti pofika Ogasiti za giyabokosi zidzakhala zitakwana. Adandifunsa maganizo. Ndidati, "Achimwene, inayo mwaimva ikulira m'mawa injini ili yozizira, kapena mwangoiona masana itatsukidwa?" Adati masana. Tapangana kuti Loweruka likudzali tikaione limodzi 5 koloko m'mawa, mwini wake asanaitenthetse.